Chitsotso cha m'Kamera ya Bambo a Yankho

Amene akuti ndikunama aimike dzanja ndimuone. Makamaka inu a Nabanda a ku Oshawa, amene munaseka mpaka wigi kupendekeka tsiku lija titatuluka m'tchalitchi, mukuuza anzanu kuti mayi a Yankho sinoo wawalowa m'mutu. Lero ndachita kulemba kuti musandidulenso mawu ndi chiseko chanu chija. Sukulu ndinalekezadi panjira, sindikana, koma ndiye umboni wake umenewo: bodza limafuna munthu wophunzira, choona chimangotuluka chokha ngati chifuwa. Ndikunena pano kuti m'Toronto yense uyu, kuyambira ku North York kukafika kumene sitima imakabwerera, palibe mwamuna kapena mkazi amene anachotsapo fumbi m'kamera yojambulira nyenyezi mmene ndinachotsera ine, mwana ali kumsana. Mukumva?

Ndiyambe ndi kumene timakhala. Ife timakhala m'nyumba zosanjikizana zija za ku North York, pamwamba penipeni, pamene mbalame timazionera kumsana ndipo mitambo ikatopa imadzapumira pakhonde pathu. Amuna anga, bambo a Yankho, amagwira ntchito yoyeza magazi pachipatala china kutauni. Ndi munthu wabwino, sakumwa, samenya, koma ali ndi matenda awo: nyenyezi. Anzanga amuna awo amathamangira mowa kapena masiketi, anga amathamangira kumwamba. Pabalaza pathu pamene panayenera kukhala mpando wa alendo paima chinthu chonga mtondo wa miyendo itatu, akuti teleskopu, choonera nyenyezi, ndipo kumbuyo kwake amamangirirako kamera. Kumwamba kukangoyera, amanyamula zonsezo n'kuyendetsa galimoto kupitirira kwanu ku Oshawa, kukafuna malo opanda magetsi, n'kubwerako mphuno ikuchucha ali mwee, ngati awina lotale. Akanakhala mkazi mnzanga wa miyendo iwiri ndikanamulondola n'kukamukoka tsitsi. Nanga nyenyezi ungaipeze kuti?

Choncho masana onse timatsala awiri, ine ndi Yankho, khanda loti silinayambe n'kukhala komwe. M'kanjira ka m'nyumba mwathu muli zitseko mbali ino ndi inayo ngati kuchipatala, zonse zotseka, ndipo munthu ukakumana naye m'chikepe amayang'ana manambala ngati muli nkhani. Ine pakamwa panga panazolowera kuyenda, ndiye ndinayamba kulankhula ndi firiji, m'mawa kuipatsa moni, masana kuifotokozera maloto, mpaka firijiyo inaphunzira Chichewa, ndipo pano ukaitsegula imati "zikomo", ukaitseka mwamphamvu imang'ung'udza ngati apongozi. Bwerani mudzaimve nokha, a Nabanda, basi ilipo.

Tsopano gwirani mtima, apa sindiseka. Mayi anga anamwalira kwathu ku Mchinji nyengo yotentha ija fumbi likamauluka, ine mimba ili pakamwa penipeni, dokotala atakaniratu zoti ndikwere ndege. Amene anapita kumaliro ndi bambo a Yankho. Ine maliro ndinaonera pafoni, nditakhala pampando wa kukhitchini, ndipo pamene bokosi limati lizitsika netiweki inaima, chithunzi n'kuuma pa nsapato ya pulasitiki ya munthu wina amene sindinamudziwe mpaka lero. Ndinakhala ndikuyang'ana nsapato imeneyo mpaka foni inazima. Sindinalire. Nanga maliro amalira munthu yekha? Kwathu ukayamba kulira wina amakulandira, wina amakugwira phewa, wina amayambitsa nyimbo. Kuno makoma ndi opyapyala, ndipo anandiuza kale kuti ukachita phokoso anthu amaimbira apolisi. Ndiye ndinameza. Patangopita masiku Yankho anabadwa, n'kuyamba matewera ndi kuyamwitsa, ndipo kulira kuja kunakhala pakhosi panga ngati njere ya mango, kosatsika, kosatuluka, chakudya chikuchita kulambalala.

Bambo a Yankho atabwera ndinathamangira nsapato zawo. Ndinkati mwina kunsi kwake kwatsalira kadothi ka kumanda, poti ine sindinaponye dothi, sindinaike nkhata, sindinaponde n'komwe pamene mayi agona. Ndinazitembenuza: zoyera mbee. Anazitsuka ndi burashi asanakwere ndege, chifukwa a pabwalo la ndege a kuno amafunsa ngati wanyamula dothi, akuti limabweretsa matenda a mbewu. Za maliro anangoti, "Zayenda bwino." Mayi anga onse, ndi mawu awo, ndi ukali wawo, n'kukwanira m'mawu awiri amenewo.

Muyenera kudziwa kuti mayi anga anali ndani. Kudera kwathu konse munthu akalowedwa chitsotso m'diso sankapita kuchipatala, ankabwera kwa mayi, ndipo mayi sankauzira ngati ena, ankachotsa ndi lilime. Ankachukucha mkamwa ndi madzi a mchere, n'kumugwira munthu mutu ngati dzungu, n'kukanula chikope ndi chala, n'kupisa nsonga ya lilime kamodzi kokha, mbali imodzi, osabwerera, kenako n'kulavulira m'dzanja kumuonetsa mwini wake. Ndinaona ndi maso angawa kalipentala wina akubwera akulira ngati mwana, mayi n'kumutulutsa kathabwa kamene pambuyo pake tinapangira chitseko cha khola, ndipo mayi wina amene ankapeta mphepo itatembenuka anamuchotsa mankhusu odzaza lichero, nkhuku zathu zinadya mpaka kuyamba kuikira mazira awiriawiri. Mukumva? Ine ndinkagwira kapu ya madzi a mchere ija, ndipo zonse ndinkaziona.

Ndiye tsiku lina m'nyengo ya sinoo, titangomaliza kudya, bambo a Yankho ali pa laputopu yawo ndinamva akutsonya.

"Mayi a Yankho, tabwerani muone zimene zikundionongera ntchito."

Ndinaima kumbuyo kwawo. Chithunzi chinali cha nyenyezi zowirira ngati mchenga, pakati pali chinthu chofiirira chonga utsi, chokongola ndithu, koma pakona ya m'mwamba panali kamthunzi kozungulira, kakuda, koboola pakati. Anatsegula china: kalipo. China: kalipo, pamalo pomwepo.

"Ndi dust," anatero. "Fumbi lakhala pa sensa. Sensa ndiye diso lenileni la kamera, kagalasi kam'kati kamene kamalandira kuwala. Kambewu kamodzi kakangokhalapo, kamaoneka pa chithunzi chilichonse."

"Lalowa bwanji?"

"Mwina ndi la kumudzi lija. Kumanda kuja ndinachotsa lenzi kuti ndiike ina, anthu ankafuna chithunzi cha gulu, ndiye nthawi yomweyo kunadutsa kavuluvulu. Anyway, ndaoda kale zoyeretsera, Loweruka ndiklina."

"Ndiye fumbilo lipita kuti?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa kumene mphepo imagona. "Pa kamtengo kopukutira. Kamtengoko mu bini."

Iwo anayankhula n'kuiwala, anthu aamuna. Ine sindinaiwale. Ndinayang'ananso kamthunzi kaja, kozungulira, koboola pakati, ndipo ndinaona nkhata, yeniyeni imene sindinaike. Dothi la pamanda a mayi anga linali litadutsa a pabwalo la ndege onse aja ndi agalu awo onunkhiza, litabisala m'diso la kamera, lakhala nane pabalaza miyezi yonseyi ine ndikucheza ndi firiji, ndipo Loweruka limapita m'chibowo cha pakhoma chimene timaponyamo zinyalala, kukagwera pansi pamodzi ndi matewera ndi mafupa a nkhuku a anthu osawadziwa. Ndinati mumtima, pokhapokha nditafa.

Masiku otsatira bambo a Yankho ankaonera kanema wa mzungu wina wandevu wophunzitsa kayeretsedwe kake, kubwereza ndi kubwereza, ine ndikuyamwitsa pambali ngati sizikundikhudza. Koma munthu woyamwitsa maso ake amakhala opanda ntchito. Ndinaona pamene amadina kuti kamera ichoke pa teleskopu. Ndinamva kuti umaizondotsa, kukamwa kwake kuyang'ane pansi, kuti fumbi lizigwa. Ndinamva kuti umayamba ndi kampira kopopera mphepo, kakalephera ndiye umatenga kamtengo kansalu kumapeto, n'kudonthezerapo mankhwala, n'kupukuta kamodzi kokha, mbali imodzi, osabwerera. Nditamva zimenezo ndinatsala pang'ono kugwetsa mwana. Ndinati mzungu uyu anaphunzira kwa mayi anga.

Katunduyo anafika Lachinayi. Lachisanu m'mawa bambo a Yankho atapita ku shifiti, ndinazimitsa chotenthetsera m'nyumba chifukwa chimauluza fumbi, ndinawaza madzi pansi ngati mmene timachitira tisanasese pabwalo, ndinamanga duku kuti tsitsi lisagwere, Yankho ndinamubereka, ndipo ndinatenga mbale yoyera ya alendo imene sitinadyerepo chiigulireni, poti alendowo sanabwere. Kenako ndinadina kabatani kaja n'kupotokola.

Apa ndi pamene munayambira kuseka, a Nabanda, ndiye werengani bwino. Kodi mumaganiza kuti nyenyezi zonse zimene bambo a Yankho akhala akujambula zaka zonsezi zimapita kuti? Zinali momwemo, zothinana ngati anapiye m'dengu, ndipo nditangotsegula zinatuluka zonse nthawi imodzi, piringupiringu pabalaza, zina kuthamangira kunsi kwa sofa, zina kukwera makatani, ina yaikulu yofiira n'kugwera m'ketulo madzi n'kuwira osayatsa moto, ine ndikuzikusa ndi chitenje uku ndikuti kipi kipi kipi, mwana akudumphadumpha kumsana, firiji ikukuwa kuti "mayo, ndisungunuka ine", mpaka ndinazisonkhanitsa zonse n'kuzivundikira ndi beseni losambitsira mwana, n'kukhazikapo thumba la ufa kuti zisatukule. Kamodzi kokha, kakang'ono kotsimphina, kanandipulumuka n'kukatera pamphumi pa Yankho. Mukadzamuona muyang'ane pamene pamawala paja. Mumati ndi mafuta odzola, eti?

Zitachoka nyenyezi, mkati munatsala diso lija. Kagalasi kakang'ono, kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu cha mwamuna, konyezimira mobiriwira ndi mofiirira ngati khosi la nkhunda. Ndinayang'ana, osaona kanthu. Ndinayang'ana pakona ya m'mwamba pamene panali nkhata ija, osaona kanthu, n'kuyamba kuopa kuti mwina chathawa ndi nyenyezi. Ndipo ndinakumbukira wandevu uja akunena kuti mkati mwa kamera zinthu zimakhala chadodolido, cha m'mwamba pa chithunzi chimakhala m'munsi. Ndinayatsa tochi ya foni, n'kuunika cham'mbali monga mayi ankamutembenuzira munthu nkhope kudzuwa, ndipo m'munsimo ndinachiona. Kanthu kochepa kuposa dzira la nsabwe, kakhala phee.

Ndinati, "Amayi, ndi ine. Ndabwera."

Ndinazondotsa kamera pamwamba pa mbale ija n'kutenga kampira. Ndinafinya koyamba mwaulemu, ngati ukugogoda kwa apongozi. Osasuntha. Ndinafinya mwamphamvu pang'ono. Osasuntha. Pamenepo ndinakunga chitenje, n'kuima ngati ndikusinja, ndipo manja awa amene anakulira pa munsi ndi mtondo anayamba kupopa, kupopa, mpaka mphepo inadzaza nyumba, kalendala inayamba kutembenuza miyezi yokha, chitseko cha pakhonde chinatseguka, sinoo yense amene anaunjikana pakhondepo anauluka n'kukagwa pamsewu waukulu uja magalimoto n'kuima, mitambo imene inkapuma inathawa osatsanzika, ndipo mphepoyo inapitirira kum'mawa mpaka ku Oshawa. Mukumbukire bwino, a Nabanda, Lachisanu lina m'mawa wigi yanu sinakuthaweni pa siteji ya basi? Musayankhe, ndikudziwa. Koma chitsotso chija, ng'oo. Pamenepo ndinatsimikiza kuti ndi cha mayi angadi, chifukwa mayi akakhala pamalo awo pa mzere wa kuchigayo, ngakhale ngolo imachita kuwalambalala.

Panatsala kamtengo kaja. Ndinakatulutsa m'pepala lake n'kukayang'ana, koyera, konunkha chipatala. Ndinaganiza: ndikadontheza mankhwala n'kupukuta, dothili lisungunuka, lilowa m'nsalu, ndipo nditsala ndi kamtengo konyowa, osadziwa ngati mayi alimo kapena ayi. Ayi. Wandevu uja anachenjeza kwambiri, chala chili m'mwamba, kuti usayerekeze kuuzira ndi pakamwa. Ndinamumva bwino lomwe. Koma za lilime sananenepo kanthu.

Ndinapita kukhitchini, ndinasungunula mchere m'kapu, ndinachukucha n'kulavula. Ndinagwira kamera ija ndi manja awiri ngati mutu wa munthu. Ndinasiya kupuma. Ndipo ndinapisa nsonga ya lilime, kamodzi kokha, mbali imodzi, osabwerera.

Poyamba ndinangomva kuzizira, ngati wanyambita supuni. Kenako chinabwera. Mukumva? Kunayamba kukoma kwa dothi la pachulu cha kuseri kwa nyumba yathu, lomwe lija ndinkalilota ndili ndi mimba ndikutafuna madzi oundana m'malo mwake, kenako fungo la mvula yoyamba ikamagwa pa nthaka yopsa, kenako utsi wa makoko a mtedza, kenako thukuta la adzukulu okumba manda ndi kulira kwa makasu awo pa nthaka youma, kenako mapazi a anthu a mudzi wonse, mbuzi za amalume, belu la njinga, amayi a kwaya atavala zoyera akukokera nyimbo pansipansi, msewu wonse wofiira wochokera pa sitolo kukafika kumanda ndi mitengo yake ya masuku mbali ndi mbali, zonsezo pansonga ya lilime langa, ndipo kulemera kwake kunandikhazika pansi mwamphamvu mwakuti simenti inapindika ngati mphasa yoyanika pa chingwe, a m'nyumba ya pansi pathu anayamba kuyenda chowerama, chikepe chinaima pakati pa ulendo, nyumba yonse inapendekera kumene kuli kwathu. Akabwera oyeza adzakuuzani, mpaka lero mpira ukauika pabalaza pathu umagubuduka wokha kulowera ku Mchinji.

Maganizo anga anali oti ndilavulire m'mbale, monga mayi ankachitira, kenako ndimange pa kansalu ndisunge m'sutikesi. Ndinaweramira mbale ija. Koma ndinaganiza za kanthu kochepa chonchi m'mbale yaikulu chonchi, m'nyumba ya mphepo chonchi, m'dziko la eni ake. Kakanatayika tsiku lomwelo. Ndiye ndinameza.

Chinatsika mpaka pakhosi, n'kukumana ndi njere ya mango ija. Ndinamva zikugundana. Ndipo mayi anga, amene sanalepherepo kuchotsa chokhala pamene sichiyenera kukhala, anaikankha.

Kulira kumene ndinalira tsiku limenelo sikunamvekepo m'Canada chiyambire. Ndinatambasula miyendo pansi monga timachitira, ndinafunda chitenje chimene bambo a Yankho anandibweretsera kuchokera kumaliro, ndinayamba ndi "Amayi ine, mwandisiya ndi yani," ndipo mawuwo anatsika ndi masitepe n'kutulukira pachipata, magalasi a mabanki a kutauni ananjenjemera, sitima ya pansi panthaka inaima yokha madalaivala n'kuvula zipewa, misozi inadzaza pabalaza n'kusefukira pakhonde n'kugwa ngati mathithi, pofika pansi itaundana, ana a sukulu n'kumatsetserekapo mpaka nyengo yotentha, ndipo zitseko zonse zija za m'kanjira zinatseguka, anthu a mitundu yonse anatuluka, wina wasenza nkhuni, wina ufa, wina wagwira nkhuku, amayi kudzaza m'nyumba mpaka kubafa, abambo kukhala m'masitepe kuyambira pamwamba mpaka pansi, wina kundigwira phewa, wina kundilandira kulira, wina kuyambitsa nyimbo m'chilankhulo chake ife tonse n'kuvomera.

Chabwino. Apa ndibweze pang'ono, kuti mudziwe kuti ndine munthu woona. Sanabwere onse.

Sanabwere aliyense. A pansi pathu anagogoda denga lawo ndi mtengo wa tsache, n'kusiya. Koma Yankho anadzidzimuka kumsana n'kuyamba kulira nayenso, ine ndikatsitsa iye akukweza, iye akapuma ine ndikulandira. Ndinamumasula n'kumuika pamiyendo, tinayang'anana, tonse pakamwa yasa. Awiri ndi anthu. Maliro anakwana.

Nyengo imeneyo kuno kumada anthu asanaweruke, ndiye bambo a Yankho anatipeza mumdima, m'nyumba mukuzizira, ife tili pansi, mawu atatha, kamera ili chagada m'mbale ya alendo. Anayatsa getsi.

"What happened? Kamera yanga!" Anaitola n'kuunika mkati. Anaiyandikiza kugetsi. Anaunikanso. "Mayi a Yankho. Mwanyambita sensa?"

"Ndachotsa chitsotso."

"Chitsotso chake chiti? Mukudziwa kuti chinthu ichi..."

"Munati Loweruka mukawataya mu bini."

"Ndikataya ndani?"

Anandiyang'ana nkhope, maso otupa ngati ndalumidwa ndi njuchi, anayang'ana chitenje chimene ndinafunda, chomwe chija anabwera nacho kuchokera kumaliro, chimene chinali chisanatulukepo m'pepala. Ine ndinakonzeka kumva Chingerezi chonse cha m'mabuku. Koma anaika kamera patebulo pang'onopang'ono, anapita kukhitchini, anatenga mpando, anatsegula chitseko cha pakhonde, n'kukakhala panja. Pa sinoo wina amene anali atayambanso kugwa. Monga amakhalira amuna pamaliro, akazi ali m'nyumba.

Anakhala pamenepo mpaka ndevu zinauma ngati waya, mpaka sinoo anawakwirira kufika m'mapewa, nkhunda ina n'kuyamba kumanga chisa pachipewa chawo. Ndipo kudzera pa kampata ka chitseko anayamba kulankhula, osandiyang'ana, akuyang'ana magetsi a mzinda. Anandiuza kuti mayi anawaveka diresi la buluu lija ndinawatumizira. Kuti mng'ono wanga anakomoka pamene bokosi limatuluka m'nyumba, ndipo anamutsitsimutsa ndi madzi a mumtsuko wa mayi. Kuti kalipentala uja wa chitsotso ndiye anakhoma bokosi, n'kukana kuti wina amuthandize. Kuti manda ali kumunsi kwa mtengo wa msuku, pafupi ndi malemu bambo anga, mutu kuloza kuchulu. Kuti nsapato ya pulasitiki ija inali ya azakhali, amene anagwira foni n'kuilozetsa pansi polira. Kuti iwo anaponya dothi kawiri, kachiwiriko akutchula dzina langa.

Ndinati, "Nanga bwanji simunandiuze?"

Anati, "Munali ndi khanda. Ndinkaopa kuti mukayamba simusiya."

Ndinati, "Lowani, mungafe ndi chibayo, ndilibe misozi ina."

Loweruka anakhala patebulo ndi timitengo tawo. Malovu anga anali atauma pagalasi paja n'kusiya mzere umene pa chithunzi unkaoneka ngati mlalang'amba wachiwiri, woposa wa Mulungu kukula kwake. Anapukuta, kutaya, kutenga kena, kupukuta, kutaya, mpaka paketi inatsala pang'ono kutha, osandinena ngakhale liwu limodzi. Kenako anajambula khoma loyera la kuchipinda, poti ndi mmene amayesera, n'kuika pa laputopu. Mbee. Popanda mzere, popanda nkhata. Nyenyezi zija ndinali nditazibwezeramo kale iwo asanadzuke, musafunse.

Ndiye pofuna kufananitsa anatsegula zithunzi zakale, ine ndili kumbuyo kwawo ndikugwedeza mwana. Anabwerera m'mbuyo, m'mbuyo, mpaka anafika pa chithunzi chimene ndikuchidziwa bwino, chifukwa ndi ulendo umodzi wokha umene ananditengako kutchire kwawoko, nyengo yotentha ya kuno, mimba isanakule, udzudzu ukundidya m'galimoto. Tsiku limenelo ndinaimbira mayi foni, n'kundiuza kuti mwamuna woyang'ana kumwamba ndiye wabwino, sapondaponda m'makomo a eni. Mayi ali moyo, ali ndi mawu awo onse. Kamera isanapite kumudzi.

Pakona ya m'mwamba ya chithunzicho panali kamthunzi kozungulira, koboola pakati. Pamalo pomwe paja.

Dzanja la bambo a Yankho linatseka laputopu msangamsanga ngati munthu wovundikira mphika pobwera mlendo. Kenako anati, "Linalidi la kumudzi."

Ndinati, "Ndikudziwa."

Eya, a Nabanda, ndinaona. Maso ndili nawo, ndipo sindikubisani. Tsopano sekani, nenani kuti ndinameza fumbi la kapeti ya ku North York, la chotenthetsera m'nyumba, mwina paudala wa mwana wa eni ake a nyumbayi akale. Nenani. Koma fumbi la Toronto ndimalisesa tsiku ndi tsiku, limandilowa m'mphuno ndi mkamwa, ndikulidziwa ngati mnansi: silikoma kanthu, lili ngati moni wa m'chikepe. Chithunzi ndi cha makina, makina amasokoneza masiku. Ananyambita ndani, inu kapena ine? Njere ya mango inatuluka pakhosi pa ndani? Amene akutsutsa abwere, teleskopu ili pabalaza pompano, mchere ulipo, adzayese yekha aone ngati adzamve mbuzi za amalume.

Ine dothi la mayi anga ndili nalo, pamalo poti burashi singafike. Ndipo tsiku limene ndidzadutse pabwalo la ndege paja, a yunifolomu aja akadzandifunsa ngati ndanyamula dothi, ndidzawayang'ana m'maso n'kunena kuti ayi. Bodza langa lidzakhala limenelo lokha.